Nyumba yodekha: mmene mungaikonzere pang'onopang'ono

Pali nyumba zina zimene ukalowa umasowa pokhala ngakhale mipando ili mbwee. Chilichonse chili waliwali, mapilo andandalikidwa bwino moti umaopa kuwatsamira, ndipo ukafuna kuika kapu patebulo umayamba wayang'ana nkhope ya mwininyumba. Palinso nyumba zina zimene ukangolowa mtima umakhala pansi. Wina atakufunsa mawa lake kuti munali chiyani, sungatchule chodabwitsa chilichonse, umangokumbukira kuti sunkafuna kutsanzika. Malangizo awa ndi a nyumba yachiwiriyi. Ndinene pachiyambi pomwe kuti ntchito yaikulu pano ndi yochotsa, yosuntha ndi yodikira. Kugula kumabwera kumapeto, ndipo n'kochepa.

1. Yambani ndi kuyang'ana, osakhudza kanthu

Kwa sabata yathunthu musasunthe chilichonse. Ingoonani mmene anthu a m'nyumbamo amakhalira. Munthu akangolowa, chikwama amaponya pati? Makiyi amasiyidwa pati? Ndi mpando uti umene aliyense amaulimbirana, nanga ndi uti umene unasanduka pounjika zovala? Dzuwa la m'mawa limalowera zenera liti, ndipo madzulo ndi ngodya iti imene imayamba kuda? Lembani papepala. Mayankhowa ndi amene adzakuuzeni pokhoma msomali, poika nyale, komanso mpando woyenera kutuluka.

Jambulaninso chipinda chilichonse ndi foni mutaima pakhomo. Diso limazolowera. Mulu wa mapepala umene wakhala pakona miyezi itatu simuuonanso, koma pachithunzi umaonekera poyera.

2. Tulutsani tinthu tonse, kenako bwezerani chimodzichimodzi

Sankhani chipinda chimodzi, makamaka pabalaza. Chotsani tinthu tonse ting'onoting'ono: zithunzi, timiphika, maluwa apulasitiki, makalendala a zaka zapitazo, mphatso zimene munalandira koma simunazikondepo. Longedzani m'makatoni n'kukaika kwina. Mutsale mipando, matebulo ndi makabati okha, ndipo chipindacho chikhale choncho masiku awiri kapena atatu.

Tsiku loyamba mudzaona ngati mwangosamukiramo, ndipo manja adzayabwa kuti mubwezere zonse. Pirirani. Pofika tsiku lachitatu mudzayamba kuona zimene zinkabisika, monga mmene kuwala kumagwera pakhoma, kapena kukongola kwa kabati imene inali itakwiririka ndi zidole. Apa ndiye muyambe kubwezera, chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo chilichonse chiyankhe funso ili: kodi ndimachigwiritsa ntchito, kapena ndimachikondadi? Funsoli si langa. William Morris, mmisiri wa zokongoletsa wa ku England, analangiza anthu mu 1880 kuti asamasunge m'nyumba chinthu chimene sakudziwa ntchito yake kapena chimene sakhulupirira kuti n'chokongola. Chimene chalephera mbali zonse ziwiri, chipatseni amene angachikonde.

Mphatso ndi zimene zimavuta. Munthu amaona ngati kuchotsa chinthu pashelefu n'kunyoza amene anamupatsa. Ine ndimaona kuti chikondi cha wopereka munachilandira tsiku lomwelo, ndipo chinthucho si ngongole yoti muzilipira ndi malo a m'nyumba mwanu mpaka kalekale. Koma musapitirire muyezo mpaka nyumba kufanana ndi chipinda chodikirira cha mu ofesi. Wotchi yakale ya bambo anu, ngakhale inaima, ngati imakukumbutsani zabwino, ibwerere pamalo pake.

3. Sunthani mipando, tepi yoyezera ili m'manja

Cholakwika chofala kwambiri ndi kukankhira mipando yonse kukhoma, pakati n'kutsala bwalo. Anthu akakhala amachita kukweza mawu kuti amvane. Sendezani sofa kuchoka kukhoma ngakhale masentimita 10 okha, ndipo mipando ina iyang'anizane nayo. Anthu ocheza asatalikirane kuposa mamita awiri ndi theka. Katebulo kapakati kakhale masentimita 40 mpaka 45 kuchokera pa sofa, kuti munthu afikire kapu osadzuka komanso mawondo asagunde, ndipo msinkhu wake ufanane ndi pokhalira pa sofa kapena utsike pang'ono. Njira yodutsa ikhale ya masentimita 75 mpaka 90. Kumbuyo kwa mipando ya patebulo lodyera siyani masentimita 90 kuti munthu athe kukoka mpando wina n'kumadutsa. TV isayang'anizane ndi zenera, chifukwa kuwala kumathwanima pagalasi pake, ndipo ngati n'kotheka isakhale chinthu choyamba kuona munthu akalowa.

Musanagule mpando kapena tebulo lililonse, yalani manyuzipepala pansi molingana ndi kukula kwake, n'kumawalambalala tsiku lonse. M'sitolo zinthu zimaoneka zazing'ono chifukwa malo ndi aakulu. Zikafika kunyumba zimameza chipinda.

Mipando siyenera kukhala ya seti imodzi. Zonse zikafanana kuyambira sofa mpaka katebulo, chipinda chimaoneka ngati mwangochinyamula pawindo la sitolo. Mpando wakale wamatabwa pambali pa sofa yatsopano umapatsa chipinda mbiri. Chofunika n'chakuti pokhalira pake pasasiyane kwambiri msinkhu, kuti wina asamayang'ane mnzake ali pamwamba. Ndipo ngati m'nyumba muli ana, kabati kapena shelefu yaitali imangiriridwe kukhoma, chifukwa mwana akakwera pamadilowa imatha kumugwera.

4. Mitundu: yochepa, yozimiririka, yapachibale

Okongoletsa nyumba ali ndi kawerengedwe kodziwika ka 60-30-10. Mtundu waukulu umatenga magawo 60 pa 100 alionse, ndipo nthawi zambiri amakhala makoma. Wachiwiri umatenga 30, monga mipando ikuluikulu ndi makatani. Wachitatu umatenga 10, pa mapilo, zithunzi ndi timiphika. Si lamulo, koma amathandiza munthu amene wasokonezeka. Pofuna bata, mitundu iwiri yoyambayo ikhale yapachibale, ndipo wachitatuwo usakhale wofuula.

Mitundu yodekha ndi imene imaoneka ngati yasakanizidwa ndi kaphulusa kapena kadothi: yoyera ngati thonje, yonga mchenga, yonga udzu wouma, yotuwa ngati mwala, yobiriwira motuwira ngati tsamba la bulugamu, yofiirira ngati njerwa yootcha. Kufiira kwa psuu kapena buluu wowala si koipa, koma kukakhala pakhoma lonse diso silipuma. Kusungireni pa pilo limodzi kapena pa chithunzi.

Chenjerani ndi penti yoyera, chifukwa kuyera kulipo kwa mitundumitundu. Kwina kumapendekera ku buluu, kwina ku chikasu, kwina ku pinki. Kuyera kopendekera ku buluu, kukakumana ndi babu lowala mbee, chipinda chimasanduka wodi ya m'chipatala. Choncho musasankhe penti poyang'ana kakhadi kakang'ono. Gulani kachitini kakang'ono, pakani kawiri pa katoni kapena thabwa la masentimita 50 mbali zonse, ndipo likauma liimikeni pa makoma osiyanasiyana. Liyang'aneni m'mawa, masana, komanso usiku magetsi atayaka. Mtundu ukafalikira pakhoma lonse umaoneka wamphamvu kuposa mmene unalili pakakhadi, ndiye mukakayikira pakati pa iwiri, tengani wofookerapo. Mukamawerenga malangizo olembedwa kwina, kumbukirani kuti kumpoto kwa dziko lapansi mawindo oyang'ana kumwera ndi amene amalandira dzuwa lambiri, pamene kumwera kwa dziko ndi oyang'ana kumpoto. Chipinda chimene dzuwa silifikamo kwenikweni chimafuna mtundu wopendekera ku chikasu kapena kufiirira kuti chisaoneke chozizira.

Kunyezimira nakonso n'kofunika. Penti yonyezimira imaulula kabampu kalikonse ka pulasitala ndipo imathwanima m'maso. Yosanyezimira imabisa zilema ndipo imafewetsa kuwala, kungoti imavutirapo kutsuka, choncho kukhitchini ndi kubafa ikani yonyezimira pang'ono. Palinso laimu, amene amasiya khoma looneka ngati la mitambomitambo, lofewa m'maso kuposa penti iliyonse. Amagwira bwino pa pulasitala kapena njerwa zosapentedwa, osati pamwamba pa penti yamafuta, ndipo akakhala wonyowa amaoneka woderapo, akauma n'kuyera. Laimu amawotcha khungu ndi maso, ndiye valani magolovesi ndi magalasi. M'nyumba zakale penti ina imakhala ndi mtovu, umene fumbi lake ndi loopsa makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Penti yakale yotere musaipale youma ndi sandipepa.

5. Kuwala

Mukanati musankhe gawo limodzi lokha pa malangizo onsewa, ndikanakuuzani kuti musankhe ili. Babu limodzi lowala kwambiri pakati pa siling'i limaononga ntchito yonse imene mwagwira. Limaunika paliponse mofanana, limaika mithunzi pansi pa maso a anthu, ndipo thupi silizindikira kuti kwada, nthawi yopuma yakwana. Babu lapamwambalo likhale la posesa ndi pofunafuna chinthu chotayika. Pocheza madzulo pakhale nyale ziwiri kapena zitatu zotsika, zoikidwa m'malo osiyana: ina pakatebulo pambali pa sofa, ina yoimirira pakona yamdima ija munailemba m'gawo loyamba, ina pashelefu. Pakati pa nyalezo pazitsala kamdima pang'ono. Kamdimako n'kamene kamabweretsa bata.

Pogula babu werengani manambala awiri pa katoni yake. Yoyamba imathera ndi chilembo K, ndipo imanena za mtundu wa kuwala. Babu la 2700K limawala mwachikasu pang'ono ngati mababu akale aja a kawaya mkati, ndipo ndi limene limayenera pabalaza ndi kuchipinda chogona. La 3000K ndi loyererapo ndipo limakhala bwino kukhitchini ndi kubafa. La 6500K limawala mopendekera ku buluu. Lisiyireni garaja ndi malo ogwirira ntchito. Kandulo, poyerekezera, imakhala pansi pa 2000K, n'chifukwa chake nkhope ya aliyense imakongola pa kandulo. M'chipinda chimodzi mababu onse akhale a nambala yofanana, apo ayi khoma limodzi lizioneka la mitundu iwiri.

Nambala yachiwiri ndi ya ma lumen, imene imanena kuchuluka kwa kuwala. Babu la LED la ma lumen 800 limawala ngati babu lakale la mawati 60 koma limadya mawati 8 mpaka 10 okha. Pa nyale ya patebulo ma lumen 400 mpaka 500 ndi okwanira. Ngati pa katoni palembedwanso CRI, nambala yonena mmene babu limaonetsera mitundu ya zinthu molondola, sankhani 90 kapena kuposa, chifukwa pamenepo matabwa, nsalu ndi khungu la munthu zimaoneka mtundu wake weniweni.

Babu lisaoneke lamaliseche. Livindikireni ndi chophimba cha nsalu kapena pepala, ndipo m'mphepete mwake mwa m'munsi mukhale pafupifupi pa msinkhu wa maso a munthu atakhala pansi, kuti kuwala kusamubaye. Nyale yolendewera pamwamba pa tebulo lodyera italikire masentimita 75 mpaka 90 kuchokera patebulopo. Chilichonse chokhudza mawaya a m'khoma, itanani wodziwa zamagetsi. Masana, galasi lodziyang'anira likapachikidwa moyang'anizana ndi zenera kapena pakhoma la pambali pake limabweza kuwala mpaka mkati mwa chipinda.

6. Sankhani zinthu zimene zimakalamba bwino

Tebulo la pulasitiki kapena lomatidwa kapepala konyezimira pamwamba limakongola tsiku logula, koma likangokandika kamodzi latha, ndipo madzi akalowa m'mphepete limafufuma. Ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Thabwa lenileni likakandika limangowonjezera mbiri. N'chimodzimodzi chikopa, mkuwa, dongo lootcha, nsungwi, thonje, bafuta ndi ubweya wa nkhosa: zikamagwiridwa zimasintha mtundu, zimafewa, zimasalala pamene manja amafika kawirikawiri. Nyumba yooneka kuti mumakhala anthu imadalira zinthu zotere.

Ku Japan kaonedwe kameneka ali nako ndi dzina, wabi-sabi, kutanthauza kukongola kwa zinthu zosadzitama, zosalongosoka bwinobwino ndi zooneka kuti zakhalitsa. Sen no Rikyū, katswiri wa mwambo wa tiyi wa ku Japan amene anamwalira mu 1591, amakumbukiridwa chifukwa chokonda mbale zadongo zokhakhala ndi tizipinda tating'ono topanda zokongoletsa zambiri, pa nthawi imene olemera ankadzitamira ndi ziwiya zamtengo wapatali zochokera ku China. Ku Japan komweko kulinso luso la kintsugi, lolumikiza mbale yosweka n'kupaka golide pamng'alu m'malo moubisa. Simukufunika golide. Mfundo ndi yakuti mpando wokonzedwa bwino sufunika kubisidwa kuchipinda alendo akabwera.

Mitundu ikakhala yochepa, chimene chimaletsa chipinda kukhala chogwetsa ulesi ndi kusiyana kwa kakhudzidwe ka zinthu. Ikani chokhakhala pafupi ndi chosalala: dengu lolukidwa pambali pa tebulo lopalidwa bwino, bulangeti laubweya pa sofa ya nsalu yosalala, mtsuko wadongo pafupi ndi botolo lagalasi. Nsalu ya bafuta imakwinyika msanga, ndipo musavutike nayo ndi simbi, makwinyawo ndi mbali ya kukongola kwake.

Tebulo lakale lamatabwa mungalitsitsimutse nokha. Lipaleni ndi sandipepa ya nambala 120, kenako ya 180 kapena 220, motsatira mizere ya thabwalo. Pukutani fumbi, pakani mafuta a matabwa pang'ono ndi kansalu, dikirani mphindi 15 kapena 20, n'kupukuta onse otsala pamwamba. Mukasiya ochuluka limamata. Kansalu konyowa ndi mafuta a matabwa otchedwa linseed musakakwinye n'kukaponya m'bini, chifukwa kamatha kutentha kokha mpaka kuyaka. Kayanikeni panja kotambasula kapena kanyikeni m'madzi.

7. Makatani ndi kapeti

Bata limamveka ndi m'makutu momwe. Chipinda cha matailosi, magalasi ndi makoma okhaokha chimabweza mawu, moti supuni ikagwa nyumba yonse imadziwa. Nsalu zimameza phokosolo.

Ndodo ya makatani ikhomedwe masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa felemu ya zenera, kapena pafupi ndi siling'i, ndipo ipitirire masentimita 15 mpaka 25 mbali iliyonse. Mukatero zenera limaoneka lalikulu ndipo makatani akatsegulidwa satchinga kuwala. Atsike mpaka kukhudza pansi kapena kutsala sentimita imodzi. Katani yolekezera m'malere imafanana ndi thalauza lothawa akakolo. M'lifupi nsaluyo ikhale pafupifupi kawiri kukula kwa zenera kuti ipindike bwino. Ya thonje ichapeni musanaipinde m'munsi, chifukwa imafupika ikachapidwa koyamba.

Kapeti ambiri amagula yaing'ono kwambiri, n'kukhala ngati kachilumba pakati pa chipinda. Yoyenera ndi imene miyendo yakutsogolo ya sofa ndi ya mipando imapondapo. Pansi pa tebulo lodyera ipitirire masentimita 60 mbali zonse kuti mpando ukakokedwa usakodwe m'mphepete. Ngati yaikulu simungaikwanitse panopa, pansi posayala kanthu ndi pabwino kuposa kakapeti kosochera.

8. Makoma ndi mashelefu

Anthu ambiri amapachika zithunzi m'mwamba kwambiri, moti woonera amachita kukweza khosi. Pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi, womwe ndi msinkhu umene nyumba zambiri zoonetsera zojambula zimatsatira. Pamwamba pa sofa, m'munsi mwa felemu mutalikire masentimita 15 mpaka 25 kuchokera pa chotsamira, ndipo chithunzicho, kapena gulu la zithunzi, chitenge pafupifupi magawo awiri mwa atatu a utali wa sofayo. Tizithunzi ting'onoting'ono ta banja tisamwazike khoma lililonse. Tisonkhanitseni pamodzi, ndipo muyambe mwatiyala pansi kuti muone kakhalidwe kake musanakhome msomali. Musatiike pamene dzuwa limawomba, timafwifwa. Khoma limodzi m'chipinda lisiyeni lopanda kanthu.

Pashelefu siyani pafupifupi gawo limodzi mwa atatu lopanda kanthu. Tinthu tiikeni m'timagulu, mwachitsanzo titatu tosiyana msinkhu, m'malo motindandalika mzere umodzi ngati asilikali. Mabuku akhale mabuku. Pali kachitidwe kena kotembenuza mabuku kuti mayina ayang'ane kukhoma n'cholinga choti shelefu ioneke ya mtundu umodzi. Zimenezo ine sindigwirizana nazo, chifukwa zimaulula kuti mwininyumba sawatsegula.

9. Chamoyo chimodzi

Chomera chimodzi chachikulu pakona chimakongoletsa kuposa timiphika khumi tomwazika. Sansevieria, ya masamba aatali oima chilili, ndi pothos, imene imayanga, zimapirira m'chipinda chosawala kwambiri. Mphika ukhale wobowola pansi, ndipo thirirani dothi likauma pamwamba, chifukwa zomera zambiri za m'nyumba zimafa ndi madzi ochuluka osati ludzu. Pothos ndi dieffenbachia, ya masamba aakulu amawangamawanga, zimawotcha m'kamwa zikatafunidwa, choncho zikhale kutali ndi ana aang'ono ndi amphaka. Ngati kusamala zomera si kwanu, kanthambi kamodzi ka masamba mu botolo la madzi n'kokwanira.

10. Patsani chisokonezo malo ake

Tsopano bwererani ku pepala lija la sabata yoyamba. Pamene chikwama chimaponyedwa, khomani chokolekera pomwepo, osati pamene inu mukanakonda kuti chizikhala. Pamene makiyi amagwera, ikani kambale. Pafupi ndi sofa pakhale dengu la zidole kapena la mabulangeti, ndipo patebulo pakhale thireyi yosonkhanitsira rimoti, magalasi ndi tchaja. Tinthu tisanu tomwazika patebulo ndi chisokonezo, koma tomwetonso tikakhala pa thireyi imodzi diso limationa ngati chinthu chimodzi. Mawaya amangeni pamodzi n'kuwadutsitsa kumbuyo kwa miyendo ya mipando. Zonyansa m'maso, monga mapepala a mabilu ndi mankhwala, zilowe m'kabati yotseka.

Kusiyana kwa nyumba yokhalamo anthu ndi nyumba yauve n'kosavuta kuona. Buku lotsegula pa mkono wa sofa, bulangeti lopindidwa mwachisawawa, pilo lobinyira pamene munthu anatsamira, chojambula cha mwana chomatidwa pachitseko cha kabati, zonsezi zisiyeni. Makapu a dzulo, fumbi ndi zovala zakuda, izo zichoke. Mphindi khumi madzulo aliwonse zobwezera zinthu m'malo mwake zimakwanira ngati chilichonse chili ndi kwawo.

Mukafika apa mudzapeza kuti pali zimene zikusowadi, mwina nyale ya pakona kapena kampando ka pafupi ndi zenera. Zilembeni pamodzi ndi miyezo yake, pepalalo lizikhala m'chikwama, ndipo dikirani mwezi wathunthu musanagule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zina mudzazifufuta nokha mwezi usanathe, zina mudzazipeza kwa ogulitsa zinthu zakale kapena m'katoni ija munalongedza m'gawo lachiwiri. Pakadali pano pakonapo pakhale popanda kanthu, ndipo mukamaliza pabalaza, tengani foni mukaime pakhomo la chipinda chogona n'kuyambiranso pa gawo loyamba.